Tomato wa Okutobala: ngongole kapena gawo?

Kwathu kwa Kuntumanji, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, chaka sichitha ndi kukolola chimanga. Mvula ikaleka, madzi n'kuyamba kuphwa m'madambo, anthu amanola makasu kachiwiri. Ena amalowa m'minda ya mpunga, ena kumadimba. Amayi anga ndi a kudimba. Ali ndi kamalo kamene anasiyiridwa ndi agogo, kosakwana theka la ekala, ka zitsime ziwiri zokumba pamanja ndi mpanda wa bango woletsa mbuzi. M'kadimba kameneko ndi momwe mwakhala mukuchokera sopo, mchere, yunifolomu, ngakhalenso ndalama zambiri zimene ndinkadyera zaka zinayi zimene ndinakhala ku yunivesite ku Zomba.

Lero ndikufuna ndikusimbireni za mkangano umene ine ndi amayi tinali nawo m'chilimwe cha 2024. Unayambira pa tomato, koma funso lake ndi lakale kwambiri. Munthu akakupatsa ndalama mbewu usanabzale, mbewuyo n'kukanika popanda kulakwa kwako, kodi uli naye ngongole?

Ndiyambe ndi mmene zinakhalira kuti tilandire ndalama za eni. Chaka chimenecho chinali choipa. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa fetereza, mbewu ndi mankhwala unakwera ngati ukuthawa moto. Kenako kunabwera ng'amba ya El Niño, moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chathu chinauma chikungomasula kumene. Pofika Meyi, nthawi yofesa nazale, m'nyumba munalibe mpamba. Ine ndinali pakhomo, digiri ili m'sutikesi, makalata ofunsira ntchito nditatumiza osawerengeka.

Njira imene aliyense amaidziwa kuno zikatere ndi katapila. Kwa alimi a mpunga imayenda chonchi: wogula amabwera mu Januwale kapena Febuluwale, njala itafika pachimake, n'kukupatsa ndalama kuti udzabweze matumba pokolola. Mtengo wa thumba amaudula yekha, podziwa kuti wanjala sanenerera. Mpunga ukachita bwino, phindu ndi lake. Ukakanika, ngongole ndi yako. Amalume anga anataya njinga mwa njira imeneyi chaka china, ndipo ndimakumbukirabe mmene anaimira pakhomo akuyang'ana mwini ndalama akuikankha kupita nayo.

Ine ndinali nditawerengapo za njira ina. Ku Japan, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, amayi a m'mizinda amene ankada nkhawa ndi mankhwala m'zakudya anayamba kupangana ndi alimi mwachindunji, osadzera kwa ogulitsa. Mgwirizano umenewu amautcha teikei. Ku America zofanana nazo zinayamba mu 1986 pa minda iwiri, wina ku Massachusetts, wina ku New Hampshire. Mfundo yake ndi yosavuta. Mabanja amalipira mlimi nyengo isanayambe, ndipo sabata iliyonse amalandira gawo la zimene zacha m'munda. Zikachuluka, dengu limadzaza. Zikavuta, dengu limapepuka, ndipo palibe wobweza ndalama. Sagula ndiwo, amagula gawo la munda, ndi madalitso ake ndi matsoka ake omwe.

Nditawafotokozera amayi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye katapila wa anthu ophunzira ameneyu?"

Ndinati ayi, kusiyana kwake n'kwakuti pa katapila tsoka limagwera mmodzi, pamene apa tikusenzerana. Anangoti, "Kaya, poti sukulu munapita ndinu." Amayi akayamba kundipatsa ulemu wa "inu", ndimadziwa kuti sanakhutire.

Ndinapeza mabanja 11 mumzinda wa Zomba: aphunzitsi, anamwino awiri, anzanga atatu a ku koleji amene mwayi wa ntchito unawagwera, ndi ena amene anamva kwa anzawo. Banja lililonse linapereka K60,000 mu Juni, kuti lizilandira dengu Loweruka lililonse kwa masabata 16. Ndinatsegula gulu pa WhatsApp, n'kulemba momveka bwino kuti zikachuluka tidyera limodzi, zikavuta tivutikira limodzi. Onse anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Ine mtima unakhala pansi. Ndinkati pangano lamangidwa.

Miyezi iwiri yoyamba inali yokoma kuposa nthawi ina iliyonse imene ndakhalapo pakhomo. Tinkadzuka 4 koloko, kunja kukadali chisisira, makeni awiri m'manja, kuchoka pachitsime kupita pabedi, kuchoka pabedi kubwerera pachitsime, mpaka dzuwa litatulukira kutsidya kwa nyanja. Amene sanathirirepo dimba sadziwa kulemera kwa madzi. Mapewa anga, amene anazolowera chikwama cha mabuku, anatupa sabata yoyamba, kenako anazolowera. Tinathira manyowa a mbuzi, tinazika timitengo tomangirira tomato, tinadulira mphukira. Mpiru, repu ndi tchainizi zinabiriwira. Anyezi, mabiringanya, therere, nkhwani, chimanga chachiwisi. M'mphepete mwa mabedi bonongwe ndi chisoso zinkangomera zokha, osazipempha.

Lachisanu madzulo tinkathyola, kuwaza madzi, kufunditsa masamba a nthochi. Loweruka mbandakucha wakabaza ankabwera kudzanyamula madengu mpaka pamsewu wa tala, ine n'kukwera nawo minibasi. Koma chimene chinkandisangalatsa koposa chinali kuona amayi osadikiranso mavenda. Kale, mpiru wa mudzi wonse ukacha nthawi imodzi, venda ankafika ndi njinga yake n'kutchula mtengo umene wafuna, podziwa kuti masamba sadikira mawa. Chaka chimenecho amayi ankamupatsa moni wabwinobwino, iye n'kupitirira. Mu Seputembala madengu ankasefukira, ndipo amayi ankaikabe kabasela pamwamba, kaya papaya, kaya chinangwa.

Kenako Okutobala anafika. Amene mumadziwa chigwa cha Chilwa mukudziwa kutentha kwa mwezi umenewu, pamene phiri la Chikala limaoneka ngati likunjenjemera ndipo nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo madzi ake ndi amchere pang'ono. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pamatope. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti madzi ndi mlendo. Chaka chimenecho nyanja inalipo, koma zitsime za kudimba zimadalira mvula imene yagwa, ndipo mvulayo inali itatimana. Chitsime choyamba chinaphwa. Chachiwiri tinkachikumba sabata iliyonse, n'kumadikira kuti madzi adikhe kuti titunge keni imodzi.

Pamwamba pa izo, tuta analowa. Kagulugufe kameneka kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006, kenako kanafalikira mpaka kuno. Timphutsi take timalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya tili momwemo, moti mankhwala ambiri satifikira. Masamba amaoneka ngati awauka ndi moto, ndipo chipatso chimabooka n'kuyamba kuola. Pasanathe masabata awiri, mabedi asanu a tomato anali atatha. Ndipo nonse mukudziwa kuti ndiwo zopanda tomato kwa Mmalawi ndi chilango.

Usiku umenewo amayi anati tigulitse kambuzi kamodzi, tizikagula tomato ku Songani, madengu azipita odzaza mpaka masabata 16 akwane.

Ndinakana. Ndinati pangano lathu linali lakuti tsoka tigawana. Tikagulitsa mbuzi ndiye kuti tsoka lonse tasenza tokha, ndipo tadzisandutsa tokha anthu a katapila amene tinkathawa uja.

"Anavomera chiyani anthuwo?" anatero amayi. "Anavomera mawu. Munthu amene sanaonepo chitsime chitaphwa, ukamuuza kuti zikavuta, iye amaganiza kuti tomato akhala wamng'onomng'ono. Saganiza kuti dengu libwera lopanda tomato."

Ndinati koma mu Seputembala analandira zoposa ndalama zawo, ndipo palibe anaonjezera ngakhale kwacha imodzi. Ndinali nditawerengetsera ndithu, m'kope.

"Basela sawerengera, mwanawe. Ukampatsa munthu basela lero, mawa n'kumamukumbutsa, ndiye kuti sunampatse. Unamukongoza."

Ndinasowa choyankha, koma sindinagonje. Tinagona osamvana.

Loweruka lotsatira, m'madengu munali tomato. Amayi anati anatola wotsalira m'mabedi. Loweruka linalo, munalinso tomato, wosalala, wofanana kukula, wopanda kabowo ngakhale kamodzi. Nditapita kukhola ndinapeza misoti iwiri palibe. Anali atatuma msuweni wanga ku Songani ine ndili kuchitsime. Tsiku lomwelo mmodzi wa anamwino aja analemba pagulu kuti tomato wa kudimba kwathu ndi wokoma kusiyana ndi wa pamsika. Mawu akuti "kwathu" aja anandilasa.

Ndinawauza amayi kuti limeneli ndi bodza. Anati tomato alibe dzina, akalowa mumphika ndi tomato basi. Ndinati anthuwa sanalipire tomato yekha, analipiranso kuti azidziwa zimene zikuchitika m'munda umene akuutcha wawo. Tikawabisira tsoka, tikuwalanda chinthu chimene iwo anati asenza, ndipo tikuwayesa anthu amene mawu awo ndi opanda pake. Apa amayi anakhala chete. Patapita nthawi anati, "Chabwino, uwauze. Koma amene afune ndalama zake, apatsidwe. Usakangane naye."

Ndinajambula mabedi ndi chitsime, n'kulemba zonse, za misoti zomwe. Mabanja asanu ndi limodzi anayankha kuti palibe vuto, tipitirize. Atatu anangowerenga osayankha, ndipo kukhala chete kwawo kunandisautsa kuposa mawu. Bambo wina, mphunzitsi, anandiimbira foni mwaulemu ndithu n'kupempha ndalama za masabata asanu otsalawo, K18,750. Ndipo mayi wina wachikulire, wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, sanayankhe za tomato n'komwe. Anangofunsa kuti wakabaza amuuze kuti akatsike pati.

Ndivomere kuti bambo aja ndinakwiya nawo. Si uja anatumiza chala chachikulu? Koma ndikuyenda kupita kukawatumizira ndalamazo, titagulitsa tambala ndi ndowa ya mpunga, mkwiyo unayamba kuchepa. Ambiri mwa amene amalowa m'mapangano otere ku America, tomato akakanika amangolowera kusitolo n'kugula wina. Bambo awa ali ndi ana atatu ndi malipiro amene amatha mwezi usanafike pakati. Ndalama imene anatipatsa mu Juni inali ya ndiwo za ana awo, osati yothandizira alimi. Ine ndinatenga nzeru yopangidwira anthu amene angathe kutaya pang'ono osamva kuwawa, n'kuibweretsa pakati pa anthu amene aliyense akuyenda m'mphepete mwa phompho. Kuchotsa katundu pamutu pa wosauka n'kumuika pamutu pa woposa wosaukayo pang'ono chabe, kodi chimenecho n'chilungamo? Mpaka lero sindinena motsimikiza.

Mayi achikulire aja anafika Lachitatu, fumbi lili mbuu m'miyendo. Anagwada kupereka moni kwa amayi, amayi nawo anagwada, ndipo anafunsana za kunyumba nthawi yaitali ngati anadziwana kale. Kenako anamanga chitenje n'kulowa m'dimba. Anatembenuza masamba a tomato, n'kuona tinjira toyera ta timphutsi. Anasuzumira m'chitsime n'kungoti, "Mayo ine." Anatithandiza kuzula mitengo yonse ya tomato ndi kuitentha, monga mmene alangizi amanenera kuti tuta asafalikire. Masana anadya nafe nsima ya bonongwe wotendera ndi matemba, pamphasa, pansi pa mtengo wa mango.

Atapita, amayi anati, "Awa tsopano ndingawatumizire dengu lopanda tomato mtima wanga osagunda. Aona."

Mawu amodzi amenewo, aona, ndakhala ndikuwasinkhasinkha kuyambira tsiku limenelo. Ine ndinkaganiza kuti chimene chimasiyanitsa gawo ndi ngongole ndi zimene mwagwirizana. Amayi ankaona kuti kugwirizana pakokha sikukwanira. Munthu sangavomere kusenza katundu amene sakudziwa kulemera kwake. Angathe kunena kuti eya, ndipo mwina sakunama, koma eya ameneyo ndi wa pakamwa. Kumugwira pa mawu otero, ngakhale atalembedwa, sikusiyana kwenikweni ndi zimene amachita wakatapila akamakuonetsa pamene unadinda chala. Ine ndinali ndi umboni wa pa WhatsApp, iye amakhala ndi kope lake. Tonse tikuti, "Paja unavomera."

Makolo athu anali ndi njira yawo, ya dima. Mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anansi n'kubwera ndi makasu kudzalima tsiku lonse. Chimanga chikakanika, palibe amene ankabwera kudzaitanitsa thukuta lake. Si kuti anthu akale anali oyera mtima kuposa ife. Koma anali ataponda m'mundamo, anaona mtambo umene unadutsa osagwetsa kanthu, ndipo mtambo womwewo unadutsanso pamunda pawo. Nditabwerera kukawerenganso za teikei, ndinapeza kuti mfundo imeneyi inalimo kale: odya ndi olima azionana maso ndi maso, ndipo odya azipita kumunda kukathandiza. Ine ndinatengako za ndalama zokha, zinazo ndinalumpha.

Palinso china chimene ndinachimvetsa mochedwa. Ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani amayi, amene anaona njinga ya mlongo wawo ikupita, ankakonda kudziyesa angongole m'malo molandira chikhululuko chimene anthu ambiri anapereka ndi mtima wonse. Tsopano ndikuganiza kuti ndi chifukwa chakuti ngongole imatha. Ukabweza wamasuka, ungakumane ndi mwini ndalama pamsika n'kumuyang'ana m'maso. Koma kukhululukiridwa ndi munthu wosamudziwa kumakusiya ndi kanthu kamene sungabweze. Iye amasanduka wachifundo, iwe womveredwa chisoni. Amayi anakalamba akuona magalimoto oyera akubwera ndi thandizo m'mudzi muno, pa chilala ndi pa madzi osefukira, ndipo amathokoza, koma dimba ndi malo amodzi amene sanakhalepo wopemphetsa. Misoti iwiri ija sinagule tomato yekha, inagulanso ulemu wawo. Sindikuti anachita bwino kubisa. Ndikuti chimene ankateteza sichinali chopanda pake, ndipo ine ndi sukulu yanga sindinachione.

Gawo ndi lolemera kuposa ngongole, chifukwa silitha. Mukagawana tsoka la chaka chino, mwamangana mpaka chaka chamawa. N'chifukwa chake amayi sankafuna kulowa m'chinthu chotero ndi anthu amene sanawaonepo nkhope. Si munthu aliyense amene ungamulole kuti akusenzere.

Usiku wina mu Novembala, tikumanga anyezi m'mitolo pakhonde, ndinafunsa funso limene linkandidya kuyambira pachiyambi, limene mwina ndi lomwe linandichititsa kulimbikira chonchija pa mkangano wonsewu. Zaka zinayi amayi analipiriratu. Mpunga, mbuzi, tomato wa zilimwe zinayi, zonse zinapita ku Zomba pa chiyembekezo cha zokolola. Tsopano zaka zapitapo, ndipo dengu likubwera lopanda kanthu. Ndikamakuwa kuti mbewu ikakanika palibe wangongole, ndinkanenera tomato kapena ndinkadzinenera ndekha?

"Nanga ine, amayi," ndinatero, "ndili nanu ngongole?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ndinakuona ukumera. Ndikudziwa mvula imene inakugwera, ndi imene sinakugwere." Anamanga mtolo wina, kenako anati, "Koma usamve ngati wamasuka. Mawa 4 koloko makeni akukudikira."

Ndiye yankho langa pa funso lija ndi lotani? Ndikuganiza kuti ndalama yolipiriratu payokha si ngongole ndipo si gawo. Imasanduka chimodzi mwa ziwirizi malinga ndi zimene woperekayo akudziwa, ndi zimene angathe kutaya osagona ndi njala. Kwa bambo aphunzitsi aja inali ngongole, ndipo amayi analondola kuti tibweze. Kwa mayi amene anasuzumira m'chitsime linali gawo, ndipo kuwabisira kukanakhala kuwanyoza. Cholakwa changa chinali kuganiza kuti uthenga umodzi wa pafoni ungasandutse anthu 11 osadziwana kukhala mudzi. Cholakwa cha amayi, ngati mwana angaloledwe kutero, chinali kuganiza kuti palibe ngakhale mmodzi mwa iwo amene akanafuna kukhala wa m'mudzimo.

Chaka chotsatira mabanja asanu ndi awiri anabwereranso. Lamulo linali limodzi, ndipo analiika ndi amayi: palibe kulandira ndalama ya munthu amene sanaponde m'dimba. Aliyense abwere kaye, atunge keni imodzi pachitsime, aifikitse pabedi lakumapeto, akatero tikambirane. Mnzanga wina wa ku koleji anabwera atavala nsapato zoyera, ndipo anabwerera zili zofiirira, akudandaula msana. Analipira tsiku lomwelo. Bambo aphunzitsi aja sanabwererenso, koma ndikakumana nawo mumsika wa Zomba timapatsana moni bwinobwino, ndipo amafunsa ngati amayi ali bwino.

Kope lija lowerengetsera madengu a Seputembala ndikadali nalo. Nthawi zina ndimalitsegula, chifukwa mbali ina ya mtima wanga imakhulupirirabe kuti masamu anga anali olondola. Amayi akandiona nalo amangofunsa ngati mbuzi ndazitsekera.